Tsitsi la Mayi Meja

"Mwanawe, usakhudze mutu wa munthu aliyense mpaka pepalalo litafika. Ngakhale mutu wa galu."

Odessa Pruitt analankhula mawuwa ataima pakhomo la khitchini, m'manja muli mbale ya mabisiketi yolonjerera anthu atsopano. Lorene Tillery anali chogwada pakati pa makatoni, akumasula zipeso ndi masizasi ake m'kansalu. Diso limodzi linali pa Imani, mwana wake wa zaka ziwiri, amene anali atapeza kale pamene pali soketi ya magetsi.

"Imani, choka apo! Mayi Pruitt, lamulo linasintha. Akazi a asilikali sativutitsanso. Umangotumiza layisensi ya komwe wachokera, kalata ya ukwati ndi kalata yosamutsa mwamuna wako. Pakatha masiku makumi atatu amakupatsa yakuno."

"Ndasamukapo kasanu ndi kanayi ine," anatero Odessa. "Lamulo lasintha, inde. Koma anthu osuzumira pamawindowa ndi omwe aja."

Sajeni Darnell Tillery, mwamuna wa Lorene, anadutsa atasenza matiresi pamutu.

"Mayi Pruitt, mukumuopseza mkazi wanga tsiku loyamba lomwe? Ndi wamantha kale ameneyu. Chitseko amachikiya katatu, kenako n'kudzukanso kukaona ngati wakiya."

Onse anaseka, Lorene yemwe. Odessa anaika mbale ija pa katoni n'kubwerera kunyumba kwake, tsidya la msewu.

Layisensi ya Lorene inali ya m'chigawo cha Kansas, kumene anachokera. Anaivutikira maola chikwi ndi mazana asanu ali chiimire m'sukulu ya zokonza tsitsi, manja atasuwa ndi mankhwala. Atakhoza anagwira ntchito zaka zinayi pa saluni ya Mayi Bernice, ndipo panali amayi amene ankalolera kudikira sabata ziwiri kuti awagwire iyeyo basi. Kenako kalata yosamutsa Darnell inabwera, monga imabwerera kwa asilikali onse, ndipo m'chigawo chatsopanochi pepala la ku Kansas linali pepala chabe mpaka a ofesi ya malayisensi atavomereza.

Fomu anaitumiza sabata yoyamba. Anapitanso m'tauni, kunja kwa geti la kampu, kukaonana ndi mwini saluni ina yaikulu. Bamboyo anaona zithunzi za ntchito yake n'kugwedeza mutu.

"Mpando ndikusungirani mpaka kutha kwa Novembala. Mukabwere ndi pepala."

Masiku makumi atatu anatha. Lorene anaimba foni. Anamuuza kuti fomu yake ili pamzere. Anaimbanso sabata yotsatira, ndipo anamuuza kuti amene amaona mafomu a akazi a asilikali ali patchuthi. M'mawa uliwonse ankaima pawindo atanyamula Imani, kudikira galimoto ya makalata. Ikapita ankatuluka, n'kupeza timapepala totsatsa matayala ndi pitsa.

Ndi nthawi imeneyo pamene Mayi Hollis anamupeza pabwalo losewerera ana. Pakampu ponse ankawatchula kuti Mayi Meja, ngakhale nyota zinali paphewa la mwamuna wawo. Anali mayi wamtali, womwetulira ndi mano onse, ndipo dzina la mwana aliyense ankalidziwa.

"Ndiwe Lorene eti? Ndipo aka ndi ka Imani! Ndamva kuti uli ndi manja agolide. Loweruka lino kuli dansi ya chaka ya asilikali athu, ndipo tsitsi langali, taona wekha, likungokhala ngati udzu wouma."

Lorene anakumbatira Imani kwambiri.

"Mayi Hollis, pepani, layisensi yakuno sinatuluke. Sindikuloledwa kugwira ntchito."

"Ntchito? Ndani wanena za ntchito? Kuno ndife banja limodzi, timangothandizana. Kodi ukamamupesa Imani umayamba wapempha layisensi?"

"Ayi, koma..."

"Ndiye Loweruka 1 koloko. Ndibwera kwanu konko, usavutike. Amuna anga amamutchula bwino kwambiri Sajeni Tillery, ukudziwa."

Mawu omalizawo anawanena akusisita tsaya la Imani. Lorene anawamva bwinobwino. Dzina la Darnell linali pakati pa amene ankayembekezera kukwezedwa, ndipo lipoti lake linkadutsa pa desiki ya Meja Hollis.

Madzulo amenewo Darnell anamvetsera uku akuvula majombo.

"Ndiye vuto lili pati? Sukulandira ndalama. Chinthu chaulere si ntchito."

"Mayi Pruitt anati..."

"Mayi Pruitt amaopa ndi chithunzithunzi chawo chomwe. Lorene, ndi mutu umodzi. Umodzi wokha! Ukufuna Lolemba ndikaime pamaso pa Meja, iye akudziwa kuti mkazi wanga anakana kupesa mkazi wake?"

"Nanga wina akandinenera?"

"Akakunenere kwa ndani? Kwa apolisi a zipeso?"

Anaseka yekha. Lorene sanaseke.

Loweruka anatseka makatani onse isanakwane 12 koloko. Anaika Imani m'kabedi kake ka mipanda, kutali ndi chowotchera tsitsi, n'kukulunga chingwe cha magetsi kuti mwana asachifikire. Belu litalira anatsegula chitseko pang'ono. Mayi Meja sanali okha. Kumbuyo kwawo kunali amayi ena asanu, aliyense atanyamula diresi m'pulasitiki.

"Ndangowauza pang'ono, ndiye andikakamira," anatero Mayi Meja. "Usaope, ndi anthu akumudzi onsewa."

Lorene anayang'ana tsidya la msewu. Katani ya Odessa inagwedezeka n'kutsekeka.

Anagwira ntchito maola anayi osakhala pansi. Ndipo choona n'chakuti anasangalala. Zala zake zinakumbuka zonse. Khitchini inadzaza ndi fungo la tsitsi lotentha ndi phokoso la amayi, wina akunena za apongozi ake, wina za mwamuna amene amapinda masokosi ngati akukaonetsa kwa Jenerale. Kangapo Lorene anati, "Chonde, zithunzi ayi," ndipo onse anati, "Aaa, ifenso sitingatero." Tsitsi la Mayi Meja analikulunga m'mwamba n'kusiya timizere tiwiri tikulendewera m'masaya. Mayiwo atadziona pagalasi anagwira pachifuwa.

"Ambuye! Ndabwerera kukhala mtsikana."

Atapita onse, Lorene akusesa tsitsi pansi, anapeza kaenvelopu pansi pa botolo la shuga. Munali kakhadi kogulira zinthu m'sitolo, ndi mawu akuti, "Zikomo, kuchokera kwa tonsefe." Anakagwira ndi nsonga za zala ngati kakutentha. Anakaponya m'dirowa n'kutseka.

Lamulungu m'mawa foni yake inayamba kulira asanamwe n'khofi yemwe. Mayi Meja anali ataika zithunzi pa tsamba la pa intaneti la akazi a pakampu, lomwe lili ndi anthu oposa zikwi zitatu, ena a m'tauni. Panali mitu isanu ndi umodzi yonyezimira, ndipo pachithunzi china panali Lorene mwiniwake, chipeso chili kukamwa, khitchini yake ikuoneka yonse. Pansi pake analemba kuti: "Tapeza saluni yathuyathu pakampu! Lorene Tillery, manja agolide, ndipo mtengo wake kakhadi chabe. Ofuna nambala andifunse."

Lorene anakhala pansi pa khitchini pomwepo.

"Darnell! Taona izi."

Darnell anayang'ana, akutafuna buledi.

"Waona? Watchuka. Anthu mazana awiri achikonda kale."

Envelopu ya ku ofesi ya malayisensi inafika patatha masiku khumi. Lorene anaitsegula ali panja, mphepo ikumuwomba, Imani atamugwira mwendo. Munalibe layisensi. Munali kalata yakuti ofesi yalandira dandaulo loti iye akugwira ntchito yokonza tsitsi m'nyumba popanda chilolezo, ndipo fomu yake yaimitsidwa.

Ofesiyo inali mumzinda waukulu, ulendo wa maola awiri. Lorene anamangirira Imani pampando wake, n'kuyesa lambayo kawiri, n'kunyamuka. Kumeneko anadikira ola lathunthu, mwana akulira chifukwa cha njala, mpaka nambala yake itaitanidwa. Kuseri kwa galasi kunali mayi wa imvi, wa magalasi olendewera pa kachingwe. Sanali wamwano. Anali wotopa chabe.

"Mayi Tillery, njira yachidule ija ndi ya akazi a asilikali amene alibe dandaulo lililonse. Inu muli nalo."

"Koma sindinalipiritse munthu. Anachita kundikakamiza."

"Kakhadi munalandira?"

"Anakasiya pansi pa shuga. Sindinakagwiritse ntchito. Ndabwera nako, si aka."

"Musandipatse ine, mayi. Kwa ife kakhadi ndi malipiro."

"Mukanandipatsa pepala langa pa masiku makumi atatu aja, bwenzi zonsezi palibe."

Mayiyo anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

"Zimenezo n'zoona. Koma pa fomu yanga palibe malo olembapo zimenezo."

"Wandinenera ndani?"

"Sitiulula."

"Nanga zitenga nthawi yaitali bwanji?"

"Miyezi isanu ndi umodzi. Mwina chaka. Ofufuza ndi awiri okha chigawo chonse chino. Komanso ndikuuzirenitu, tikuyenera kudziwitsa a ku Kansas. Kalata yawo ituluka sabata yamawa."

Lorene anagwira m'mphepete mwa kauntala. Layisensi ya ku Kansas ndi yokhayo imene anali nayo padziko lapansi. Ikadetsedwa, chigawo chilichonse chimene angadzasamukire chidzafunsa za banga limenelo.

Mayi uja anayang'ana kumbuyo, n'kutsitsa mawu.

"Pali chinthu chimodzi chimene chimathandiza. Amene analemba pa tsambayo alembe kalata, asaine, anene kuti ndi iye anakupemphani, kuti simunaitane anthu, ndiponso kuti simunatchule mtengo. Zikatero nthawi zina nkhani imathera pa chenjezo, m'sabata zochepa."

Tsiku lotsatira Lorene anavala bulauzi yake yabwino n'kupita kumtunda, kumene kuli nyumba za akuluakulu, zokhala ndi kapinga wodulidwa ngati ndi lumo. Mayi Meja anamulandira ndi manja awiri. Anamukhazika pa sofa, anapatsa Imani madzi a zipatso, ndipo atamva nkhaniyo maso awo anadzaza misozi yeniyeni.

"Anthu ndi oipa, Lorene. Ndi nsanje imeneyo. Ndikukhulupirira ndi a masaluni a m'tauniwa. Ndichotsa zithunzizo pompano."

"Zikomo, mayi. Koma iwo ali nazo kale. Chimene ndikupempha ndi kalata. Mizere itatu yokha."

Mayi Meja anayang'ana zikhadabo zawo.

"Ndifunse kaye amuna anga."

Yankho linabwera madzulo ake, m'mbale yaikulu ya makaroni a tchizi yokutidwa ndi pepala lonyezimira. Anabwera nayo okha, koma galimoto sanazimitse.

"Meja akuti tisaike dzina lathu pa pepala lililonse la boma pakali pano. Nawonso akudikira kukwezedwa, ukudziwa mmene zimakhalira. Koma tikukupempherera, wamva? Mbaleyo usafulumire kubweza."

Lorene anaima pakhonde atanyamula mbale yotentha mpaka galimoto itakhota. Kenako anamva mapazi. Anali Odessa, atavala juzi ya mwamuna wake.

"Makaroni?" anafunsa.

"Makaroni."

"Ine pa nthawi yanga, mkazi wa bwana wina anandipatsa nkhuku. Nthawi imeneyo zinthu zinali zotchipa."

Lorene anamuyang'ana.

"Ndinali mphunzitsi ine, mwanawe. Wa masamu. Layisensi yanga inafera pa kusamuka kwachitatu. Ndinati ndidzaikonza tikakhazikika. Taona, ndikukhazikikabe."

"Mayi Pruitt, kodi ndinu munandinenera?"

Funsolo linangotuluka lokha. Odessa sanakwiye. Anapukusa mutu pang'onopang'ono.

"Si ine. Koma usasiye kufunsa. Ufunsa aliyense mumtima mwako, pa sitolo, kutchalitchi, pabwalo la ana. Ndiye chilango chenichenicho chimenecho."

Zinaterodi. Pa sitolo ya pakampu Lorene ankaona amayi asanu aja akutembenuza ngolo zawo n'kulowa mzere wina. Mmodzi anamupatsa moni wokweza kwambiri. Wina anamutumizira uthenga wofunsa ngati angamudule tsitsi mwana wake mwakachetechete. Mwini saluni wa m'tauni anaimba Lachitatu. Anati wamva, ndipo mpando wapereka kwa wina.

Lachinayi, Imani atagona masana, Lorene anaimbira Mayi Bernice ku Kansas. Anafotokoza zonse, ndipo penapake anayamba kulira.

"Leka kulira, iwe, undimvere," anatero Mayi Bernice. Kumbuyo kunkamveka makina oumitsira tsitsi. "Layisensi yakuno ikadali yamoyo. Ubwere kalata yawoyo isanafike. Lolemba m'mawa tikalowe limodzi mu ofesi, ukanene wekha ndi pakamwa pako, ine ndikaikire umboni zaka zinayi zija. Munthu wobwera yekha amamumvera mosiyana ndi munthu wochita kumuitana. Mpando wako ulipo. Mtsikana ndinaikapoyu akuwotcha anthu makutu."

"Mayi Bernice, ndili pabanja."

"Sindinati usiye banja. Ndati mpando ulipo, ndipo chipinda cha kuseri chija chilibe munthu."

Lorene anathokoza n'kudula foni. Madzulo anauza Darnell, ndipo anamupempha kuti iye alankhule ndi Meja, mwamuna ndi mwamuna, za kalata ija.

"Sajeni sapempha Meja kuti mkazi wake asaine zinthu," anatero Darnell. "Dikira mndandanda utuluke. Zikatero tiona."

"Kalata ikupita ku Kansas sabata yamawa."

"Ndi pepala, Lorene. Chaka si kanthu. Ukhala ndi mwana, upumule. Amayi angati pakampu pano amene sagwira ntchito? Afa?"

Lachisanu Darnell anafika dzuwa lisanalowe, akuimba hutala kuyambira pakona. Analowa ndi majombo omwe, ananyamula Imani n'kumuponya m'mwamba.

"Pang'onopang'ono, pali fani pamwambapo!" anakuwa Lorene.

"Mndandanda watuluka! Dzina langa lilipo! Imani, bambo ako akwera!"

Lorene anamukumbatira. Anamukumbatira moona, chifukwa ankadziwa mmene anavutikira, maulendo awiri a kunkhondo, bondo lomwe linkamupweteka kukazizira. Anaika chakudya patebulo. Darnell ankadya akulankhula, za mwambo wovekedwa nyota, za nyumba yokulirapo imene mwina angapatsidwe.

"Ndipo Meja anandigwira chanza yekha. Mayi Meja analiponso. Akupereka moni. Akuti..." Anatafuna kaye. "Akuti mwana wawo wamkazi ali ndi zithunzi za kusukulu mawa. Akufuna ukamukonze tsitsi 9 koloko. Kwawo, osati kuno. Akuti zithunzi sajambula."

Lorene anaika foloko pansi.

"Akuti chiyani?"

"Akuti popeza zinawonongeka kale, palibenso choopa. Mwanjira ina akunena zoona."

"Ndiye iwe wati chiyani?"

Darnell anayang'ana m'mbale.

"Darnell. Wati chiyani?"

"Ndati ubwera. Ndikanati chiyani, tsiku ngati lalero, munthu atangondigwira chanza?"

M'khitchini munangomveka supuni ya Imani ikugogoda patebulo. Lorene anadzuka, anapukuta mwana kukamwa ndi m'manja, chala chimodzichimodzi, n'kumutsitsa pampando. Anayang'ana mwamuna wake. Sanali munthu woipa. Anali atatopa, ali wosangalala, ndipo ankadikira kuti mkazi wake anene kuti chabwino, monga ankanenera nthawi zonse.

"M'galimoto muli mafuta?" anafunsa.

"Ndathira dzulo. Bwanji? Kwa Meja ndi pafupi, ungoyenda."

"Ku Kansas ndi maola khumi ndi atatu. Ndikanyamuka 4 koloko m'bandakucha, Imani agona mpaka titadutsa mapiri."

Darnell anaseka pang'ono, kenako anasiya.

"Lorene, usachite misala. Mwambo wanga uli Lachisanu likubwerali. Mkazi ndi amene amaveka nyota. Anthu adzati chiyani?"

"Upemphe Mayi Meja. Amakonda kuthandiza."

"Ndiye ukundisiya?"

"Ndikukagwira ntchito kumene ndimaloledwa. Adiresi ukuidziwa."

"Nanga 9 koloko ndikawauze chiyani?"

Lorene anatenga Imani n'kumukhazika m'chiuno. Pa masitepe anaima, osatembenuka.

"Ukawauze kuti ndilibe layisensi."

Anakwera. Darnell anatsala patebulo, akumva madirowa akutsegulidwa m'chipinda cha mwana, limodzi ndi limodzi.